Chigubu cha Tapiwa

Joni, 8 Disembala 2023

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno ku Joni. Ine ndili bwino kupatula msana womwe uja, kaya inu muli bwanji ku Caledonia, ku Harare kwathuko, ndi mdzukulu wanu Tapiwa. Iwe Desmond, mlongo wanga, uwawerengere Amayi kalatayi yonse monga ndalembera, ndikudziwa umadumpha mizere ikakhala yokunena iweyo. Ndikulemba papepala n'kujambula pa foni chifukwa madamu Iris sakonda kundimva ndikuyankhula pa foni nthawi ya ntchito, ndipo m'nyumba muno nthawi ya ntchito ilibe polekezera.

Ndiyambe ndi yowawa: Khirisimasi ino sindibweranso. Madamu ndi bwana akupita ku holide kunyanja yamchere, ndiye akuti ndipite nawo ndizikalera mwana wawo Yara. Ndinayesa kunena kuti nanenso ndili ndi mwana, iwo anati andiwonjezera kangachepe. Komanso za mapepala anga mukuzidziwa, sindingazilembe pano. Kutuluka pa boda ya Beitbridge n'kosavuta, nkhani ili pobwerera.

Dzulo madamu anayala mapu patebulo. Akuti tidzayenda m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Cape Town, tikuima m'malo akalekale. Malo ena akuti ndi kumapeto kwenikweni kwa Africa, pamene nyanja ziwiri zimakumana. Amayi, inu munabadwira m'komboni ya pa famu ku Goromonzi, koma mwana wanu akukaima pothera dziko. Mukawauze azimayi a kumsika, nsanje iwaphulitse.

Ndalama ndatumiza pa foni ya Desmond. Mugule ufa, mafuta ophikira ndi gasi, yotsalayo ndi ya yunifolomu ya Giredi 1. Iwe Desmond, sindinati ndi yobetchera mpira. Madzi a pachitsime cha aneba athu a Nomatter muziwiritsa, chitsimecho chili pafupi kwambiri ndi chimbudzi, ndakhala ndikunena.

Mwati Tapiwa thupi likumatentha madzulo. Mumpatse panado, zikapitirira mupite naye ku kiliniki. Mawu amene ananditumizira ndawamvera mpaka foni kutentha. Ine ndimufunsa Chichewa, iye ayankha Chishona, kamwana kamwano! Akufunsa ngati nzoona kuti madzi a m'nyanja ndi amchere, ndiponso anathiramo mcherewo ndani. Mumuuze kuti ndikalawa, ndidzamuyankha.

Ndine mwana wanu,
Lidia


Jeffreys Bay, 13 Disembala

Okondedwa Amayi,

Moni. Tafika bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula ndi ulendo. Kaya inu kumeneko.

Nyanja ndaiona. Sindikudziwa kuti ndiifotokoze bwanji kwa munthu amene madzi aakulu amene anawaonapo ndi damu la pa famu. Ilibe tsidya. Imalira usana ndi usiku ngati malole a pa Mutare Road, moti tsiku loyamba sindinagone. Azungu amalowamo ndi timatabwa n'kumaima pamafunde, amuna a ndevu zawo, tsiku lonse. Ine ndimalekeza m'kakolo, dzanja lina nditagwira Yara, lina chipewa chake. Kulawa sindinalawebe. Anthu ndi ambiri, ndipo wantchito wovala yunifolomu akawerama kumwa nyanja ena amujambula.

Desmond wandiuza kuti Tapiwa sakudya, ndiye munapita naye ku masowe, kutchire kopempherera ovala zoyera, kwa mneneri Madzibaba Maliko. Akuti Madzibaba aona mamhepo, mphepo za mizimu yoipa zochokera kwa achibale a bambo ake, ndipo pakufunika madzi a m'nyanja yamchere oti amusambitse. Anthu amene sanagulirepo mwanayo ngakhale sokosi, lero apeza nthawi yomutumizira mphepo? Koma sindikutsutsani, Amayi. Mwana mukumulera ndinu.

Lero m'mawa ndatunga. Sindinali ndekha, panali amayi ena ovala zoyera akudzaza zigubu, ndipo nditamva Chishona ndinawapatsa moni. Mmodzi ndi Rumbi wa ku Warren Park, amagwira ntchito m'tauni ya pafupi pano, ndipo mawa akukwera basi yopita kwathu. Wavomera kunyamula botolo langa osalipiritsa. Mulungu alipo. Desmond akalitenge ku Warren Park, nambala ya Rumbi ndamutumizira.

Komabe ku kiliniki mupite. Madzi asambe, mankhwalanso amwe, ziwirizi sizidana. Ngati n'kutali kumubereka, Desmond apemphe malo mu kombi, minibasi ija ya abwana ake.

Ndatola tizigoba ta m'nyanja, toyera ndi tofiirira, ndikusungira Tapiwa m'sokosi. Mumuuze agawireko mnzake Paida wa a Nomatter, asakhale womana ngati amalume ake.

Mwana wanu,
Lidia


Mossel Bay, 18 Disembala

Amayi,

Moni. Ine ndadzuka, koma mtima suli m'malo.

Ndiye kuti botolo linafika, Desmond anakalitenga, Madzibaba alikana? Akuti madzi wamba sagwira mamhepo amenewa, akufunika a pamene nyanja ziwiri zimakumana. Ndikufunseni, Amayi: Madzibaba amenewa, oti Beitbridge sanaidutsepo, malo amenewo anawadziwira kuti? Desmond waulula kuti kalata yanga yoyamba munaiwerengetsanso ku masowe, anthu onse akumva. Ndinati mukauze a kumsika, ndinkangoseleula. Pakamwa pangapa pandigwetsa m'mavuto kuyambira ndili mwana.

Chimene chandiopsa n'chakuti akuti mwana asabayidwe jakisoni kapena kumwa za kuchipatala asanasambe madziwo, chifukwa mphepoyo ikwiya. Ndiye ku kiliniki simunapite. Desmond akuti anayesa kumunyamula, inu munakhala pakhomo n'kunena kuti adutse pamwamba panu.

Kuno atitengera m'nyumba ina yosungiramo zakale. M'kati mwake muli chombo chathunthu cha matabwa, chofanana ndi chimene Apwitikizi oyamba anabwera nacho. N'chaching'ono, Amayi, basi ya Joni iposa. Panja pali mtengo wokalamba, nthambi zake zinachita kugona pansi. Wotiyendetsa anati kalekale woyenda panyanja wina anasiya kalata m'nsapato pamtengowo, anzake n'kudzaipeza patapita miyezi. Pano anamangapo bokosi la makalata looneka ngati jombo, ndipo Yara anaponyamo khadi lopita kwa agogo ake. Ine ndinangoganiza za munthu amene ankayembekeza kalata ija, kuti pofika tsiku loiwerenga zinthu zinali zitasintha bwanji kwawo.

Dzana Yara thupi linatentha pang'ono atasewera padzuwa. Madamu sanamalize n'komwe tiyi wawo. Tinapita kwa dokotala masana omwewo, ine nditamunyamula, anamuyeza makutu, kukhosi, zonse. Lero akuthamanga pamchenga. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Yara ndimamukonda, koma m'chipinda cha dokotala muja ndinachita nsanje yoipa moti ndinachita nayo manyazi.

Desmond akuti dzulo kutentha kunatsika, Tapiwa anamwa phala, anafunsanso za tizigoba. Ngati zili choncho, mwina mapemphero akugwira. Malo aja tifikako Lachisanu. Ngati mukuona kuti akupezako bwino, dikirani, ndikatunga. Koma akangotenthanso, ndagwira mwendo wanu, musadikire ine.

Gasi akatha musagule wa pa sitolo ya pakona, sikelo yawo imaba.

Lidia


Agulhas, 22 Disembala

Okondedwa Amayi,

Moni wa kumapeto kwa dziko. Ndili moyo. Tapiwa wadzuka bwanji? Iwe Desmond, ndakupempha chithunzi chake kuyambira Lachiwiri, ukungoti foni yadzaza. Fufuta zithunzi za atsikana akozo.

Madzi ndatunga. Ndinagula chigubu cha malita asanu, madzi akumwa amene analimo ndinathirira maluwa a panyumba imene tikugona. Ndatsata zonse zimene Madzibaba analamula: ndinapita dzuwa likutuluka, wopanda nsapato, osayankhula ndi munthu, ndinayamba ndi kuika mchenga m'chigubumo, ndipo sindinadzaze mpaka pakamwa kuti nyanja ipume.

Koma ndikuuzeni zimene ndaona, Amayi, chifukwa inu simunandiphunzitse bodza. Pamalopo palibe mchenga wabwino ngati kwina kuja, ndi miyala yakuthwa yokhayokha ndi chimphepo chofuna kukuvula chovala. Anamangapo mulu wa miyala wokhala ndi chikwangwani, muvi wina kuloza uku, wina uko, dzina la nyanja iyi ndi la inayo. Ine ndimayesa ndiona mzere m'madzi, kapena mbali ina yobiriwira ina yakuda. Palibe. Ndinayang'ana mpaka maso kutuluka misozi. Ndi madzi amodzimodzi ndi amene Rumbi ananyamula aja. Ndinaima pamenepo chigubu chili m'manja, mantha anandigwira.

Ndinaterereka pamwala n'kudzicheka bondo, si kwambiri. Funde linandimenya kumaso, ndiye funso la Tapiwa layankhidwa, koma musamuuze, ndikufuna adzamve kwa ine.

Masana tinakwera nsanja ya nyale yoongolera zombo, yopaka zofiira ndi zoyera. Makwerero ake ndi oongoka ngati a omanga nyumba, ine ndinakwera Yara ali kumsana, bondo likuwawa. Chapatali pali chombo chimene chinasweka pamiyala, chatsala chigamba cha dzimbiri, mbalame zikukhalapo. Wotiyendetsa anati zombo zambiri zinathera pagombe limeneli. Madamu anati malowa ndi okongola.

Bwana ataona chigubu m'galimoto anafunsa kuti n'chiyani. Nditafotokoza anaseka, anandijambula nacho, kenaka anati chikatayikira pa zikwama zawo ndilipira. Ndichinyamula pamiyendo. Masiku ano bwana akayamba mowa masana ndimatseka chitseko cha chipinda chimene ndimagona ndi Yara ndi mpando, koma zimenezo tidzakamba pamaso.

Kuno kulibe basi yopita kwathu, kulibe ngakhale munthu wa kwathu. Mpaka Cape Town. Desmond, ndiyankhe za mwana.

Lidia


Cape Town, 26 Disembala

Amayi,

Moni. Za thanzi langa zisiyeni.

Dzulo pa Khirisimasi Desmond anandiimbira n'kuika foni pakhutu pa Tapiwa. Amayi, amene aja si mawu a mwana amene akupezako bwino. Sanandizindikire. Ankangoti m'mimba, m'mimba, kenaka n'kumayankhula ndi anthu oti palibe. Desmond wandiuza zonse tsopano: kutentha kunabwerera tsiku lomwe ndinalemba kalata ya ku Mossel Bay, mimba yatupa, yauma gwa, sakulola munthu kuikhudza. Munamuletsa kundiuza kuti ndingataye mtima n'kulephera kutunga. Sabata yathunthu ine ndikukwera nsanja ndi mwana wa eni kumsana.

Chigubu ndinapereka Lamlungu kwa Carlitos, malayicha wa ku Mozambique amene amanyamula katundu wa anthu kupita ku Harare. Ndinachikulunga m'matumba, ndinalemba dzina la Desmond, sokosi ya tizigoba ndinaimangirira pachogwirira. Koma Carlitos sanyamuka ngolo yake isanadzaze, ndipo anthu ali pa zikondwerero. Akuti mwina Lachisanu, kuwonjezapo mzere wa pa Beitbridge. Musawerengere madzi amenewo.

Mverani, Amayi. Sindinayambe ndakulamulanipo chibadwire, lero ndikulamula. Mwana apite kuchipatala lero, osati ku kiliniki, kuchipatala chachikulu m'tauni. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Madzibaba akakwiya akwiyire ine, mphepo ikafuna munthu ibwere kuno, adiresi ndiipatsa. Desmond, ndiwe mwamuna wamkulu. Amayi akakhalanso pakhomo, uwanyamule uwaike pambali, udzapepesa mawa. Ndatumiza ndalama ya galimoto ya hayala, musadikire kombi.

Lero m'mawa, ndikudikira yankho lanu, anatitengera ku linga lakale la Adatchi pakati pa tauni. Muli kachipinda kopanda zenera kamene ankatsekeramo anthu. Wotiyendetsa anatilowetsa tonse, anatseka chitseko n'kuzimitsa nyale kuti timve mmene zinkakhalira. Alendo anaseka. Yara anandikakamira m'khosi. Mumdima muja ndinalira bwinobwino kwa nthawi yoyamba paulendo uno, ndipo atayatsa madamu anayesa ndalirira akapolo, anandisisita paphewa.

Ndikudikira pafoni.

Lidia


Cape Town, 29 Disembala

Okondedwa Amayi,

Moni. Zikomo kuti munamubereka nokha mpaka pamsewu. Desmond wandiuza.

Dokotala akuti ndi taifodi, matenda a madzi akuda, ndipo matumbo abooka. Akuti mukanabwera masabata apitawo akanangomupatsa mapiritsi. Desmond sanafune kundiuza mawu amenewo, ndinachita kumukakamiza. Opaleshoni akuti yatheka, koma mwana ndi wofooka.

Ndinawauza madamu. Analira, anandipatsa ndalama ya mankhwala, anati ndikafuna kupita ndipite, koma ntchito sangandisungire chifukwa Januwale iwo akubwerera ku ofesi. Ndakhala pansi ndawerenga zala. Mankhwala onse akuti muzigula nokha ku famase. Ndikabwera, ndidzakhala pambali pa bedi lake ndi manja awiri opanda kanthu, ndipo kuno sindidzalowanso. Ndatsala. Mulungu andiweruze yekha.

Mukalowa mumuuze kuti tizigoba tili m'njira. Muzimunyowetsa milomo ndi kansalu. Amakonda kumugwira khutu akamagona.

Lidia


Joni, 9 Januwale 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndili moyo, ndikudzuka, ndikugwira ntchito. Desmond akuti inu simukudya ndipo simukutuluka m'nyumba. Idyani, Amayi. Ndilibe mphamvu yoika maliro awiri.

Maliro a Tapiwa ndinaonera pa foni. Tinali pobwerera, pamalo omwetsera mafuta pakati pa chipululu, madamu ndi bwana atalowa kukagula khofi. Desmond anakweza foni pamwamba pa mitu ya anthu. Netiweki inkadukaduka, bokosi limati likatsika pang'ono n'kuima, kutsika pang'ono n'kuima. Yara anali pamiyendo panga akudya aisikirimu, anafunsa kuti tikuonera chiyani. Ndinati ndi anthu a kwathu akuimba. Ndikuthokoza a Nomatter ndi azimayi a kumsika amene anaphika, ndi abwana a Desmond chifukwa cha kombi.

Desmond akuti mukumanena kuti munapha mdzukulu wanu. Ndinakwiya nanu, sindibisa, ndipo mwina ndidakali wokwiya. Koma mawu akuti dikirani analembedwa ndi dzanja langa, ali m'foni ya Desmond, aliyense angathe kuwawerenga. Za nyanja ziwiri ndinayambitsa ndine, pofuna kutchuka kumsika. Inu munachita zimene munkakhulupirira kuti zimupulumutsa, ine ndinaona ndi maso anga kuti m'madzimo mulibe mzere, koma ndinatungabe. Katundu ameneyu tisenza awiri, musandilande mbali yanga.

Tsopano za chigubu. Ndamva kuti Carlitos anafika nacho Loweruka, chosatayika ngakhale dontho. Ndamvanso kuti Madzibaba atuma kale anthu kawiri kudzachipempha, akuti chithandize ena. Ndipo a Nomatter abwera kudzagwada pakhomo panu kupempha kapu imodzi yokha, chifukwa Paida wayamba kutentha thupi madzulo ndipo sakudya.

Amayi, Paida amamwa chitsime chomwe chija. Musawapatse ngakhale supuni. Akapeza madzi amenewo akhala nawo pansi kudikira kuti agwire ntchito, monga tinakhalira ife. Anene kuti ndine womana, anene kuti ndine mfiti, ndavomera. Desmond, ndalama ya yunifolomu ija sinagwire ntchito. Utenge Paida ndi amayi ake mawa m'mawa, upite nawo ku kiliniki, ukanene kuti mnzake wosewera naye wamwalira ndi taifodi. Usachoke asanamuyeze magazi. Tizigoba umupatse Paida, theka linali lake kale.

Chigubucho chisagone m'nyumba mwanu usiku wina. Madziwo ndinatungira munthu mmodzi, apite kwa mwini wake. Amayi, mudzuke, musambe, mumange duku, mupite nacho kumanda masana anthu akuona. Mukathire onse pamanda pake, ndi mchenga womwe, kenaka chigubucho muchiboole pansi kuti wina asachitole n'kukachidzaza pachitsime.

Ndinakuletsani kumuuza, ndinkafuna adzamve kwa ine. Tsopano mundinenere ndinu. Pothirapo mumuuze m'Chishona, kuti amve bwino: nzoona, ndi amchere, amayi ako analawa. Amene anathiramo mcherewo sindinamupeze.

Ndine mwana wanu,
Lidia